Matumba Kapena Matini? Mbiri ya Mawu Odula pa Malonda a pa Jenda

Chaka chatha, nyemba zitangouma, malume anga, amene kwathu ku Mzimba timawatcha asibweni, analandira uthenga pa foni kuchokera kwa wamalonda wina wa ku Kasungu. Uthengawo unali wotere: "Bwn tmzn nymba mt 20 mawa." Mtengo wa kilogalamu anali atagwirizana kale pakamwa. Asibweni anawerenga kuti matumba 20, ndipo anakongola nyemba zina kwa anzawo kuti matumbawo akwane, nachita hayala galimoto pa Jenda, nanyamuka m'bandakucha. Atafika, wogulayo anangogwira pakamwa: iye ankatanthauza matini 20, amene sakwana n'komwe matumba khumi. Zotsalazo asibweni anazigulitsa motaya, poti kubwerera nazo kukadafuna ndalama zina za galimoto. Mwa ndalama zimene zinalowa m'madzi tsiku limenelo munalinso fizi yanga, ndiye chifukwa chake anzanga ena munandiona mochedwa pano pa koleji.

Nditapsa mtima ndinkanena kuti foni yaononga malonda, ndi kuti makolo athu sankalemba zachibwana zotere. Koma nditakhala pansi ndi agogo aamuna, ndi kufufuzanso mbiri ya nkhaniyi, ndinapeza kuti ndinkalakwa. Kudula mawu pa malonda sikunayambe ndi ife, ndipo sikunayambe ndi foni.

Samuel Morse anatumiza uthenga wake wotchuka pa waya kuchokera ku Washington kupita ku Baltimore m'chaka cha 1844. Kuyambira pamene telegalamu inasanduka malonda, liwu lililonse linali ndi mtengo wake, kotero munthu wolemba zambiri ankalipiranso zambiri. Amalonda, amene sakonda kutaya ngakhale khobidi, anayamba kugwiritsa ntchito mabuku a zizindikiro. Limodzi mwa iwo, lodziwika ndi dzina la Bentley, linatuluka m'chaka cha 1906, ndipo m'menemo zilembo zisanu zokha zinkaimira chiganizo chathunthu. Chofunika kuchigwira apa n'chakuti wotumiza ndi wolandira onse ankakhala ndi buku limodzimodzi pa desiki. Panalibe kulota.

Waya umenewu unafika kuno kudzera m'maloto a Cecil Rhodes ofuna kulumikiza Cape Town ndi Cairo. Kampani yake ya African Transcontinental Telegraph inakhazikitsidwa m'chaka cha 1892, ndipo m'zaka zotsatira mizati yake inadutsa ku Blantyre, nitsata nyanja mpaka ku Karonga. Ku Cairo sinafike. Inathera ku Ujiji. Pa sukulu ya Overtoun, imene Robert Laws anatsegula ku Khondowe m'chaka cha 1894, anyamata ena ankaphunzira kumenya waya pamodzi ndi ukalaliki. Tsono anthu a kumpoto kuno anadziwa msanga luso lopanikiza nkhani yaitali m'mawu ochepa.

Kwa anthu wamba a kummwera kwa Mzimba, telegalamu inabwera ndi ulendo wa ku Joni. Amuna ambiri a ku Embangweni, Edingeni ndi midzi yozungulira Jenda ankapita ku migodi, ena pa Wenela, ena paokha, ulendo umene ankautcha selufu. Agogo anga anapita kawiri boma lisanaletse Wenela m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Iwo amati kalata inali ya nkhani za pamudzi, koma waya unali wa zinthu ziwiri zokha: maliro ndi ndalama. Munthu akaona mtengatenga wa waya akulunjika pakhomo pake, mtima unkayamba wagunda asanatsegule n'komwe.

Ndinawafunsa kuti, "Agogo, nanga poti mawu ankakhala ochepa chomwecho, simunkasokonezana?"

Iwo anaseka nati, "Iwe mwana wa sukulu, ife tinali ndi kalaliki."

Anandifotokozera kuti ukafika pa positi ofesi unkanena nkhani yako yonse, kalaliki n'kuchotsa moni, madandaulo ndi zina zosafunika, kenaka n'kukuwerengera zimene zatsala kuti uvomereze. Koma panali zinthu zimene sankazikhudza: dzina la wolandira, kuchuluka kwa ndalama ndi tsiku. Nambala ankakonda kuilemba m'mawu athunthu, ngakhale kuti mawuwo ndiwo ankadya ndalama. Waya wina wa agogo unauza azigogo aakazi kuti agule ng'ombe ziwiri. Liwu lakuti ziwiri linalembedwa lonse, ndipo ng'ombe zinagulidwa ziwiri.

Meseji ya pa foni ndi mdzukulu wa telegalamu. Yoyamba inatumizidwa ku Britain pa 3 December 1992, ndipo amisiri anaikiratu malire akuti meseji imodzi isapitirire zilembo 160. Kuno kwathu mafoni a m'manja anayamba ndi TNM m'katikati mwa zaka za m'ma 1990, ndipo Celtel, imene lero ndi Airtel, inatsatira m'chaka cha 1999. Amene munagwirako mafoni oyambawo mukukumbukira kuti ukapitirira zilembo 160 unkalipira mameseji awiri, ndi kuti chilembo cha s kapena z chinkafuna kudina batani limodzi kanayi. Tsono ganizirani za zinenero zathu, zimene zimamanga chiganizo chonse m'liwu limodzi. "Ndidzakutumizirani" ndi zilembo 18. Munthu wa mayunitsi ochepa akadatani, kupatula kukhadzula mavawelo? Umo ndi m'mene "bwanji" anasandukira "bwnj", ndipo "zikomo" anasanduka "zkm".

Choncho chifukwa chodulira mawu chinali chimodzimodzi m'nyengo zonse ziwiri: ndalama. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tinatengera kudula, koma buku lija ndi kalaliki uja tinazisiya m'mbuyo. Aliyense lero ndi kalaliki wa iye mwini, ndipo aliyense ali ndi buku lake m'mutu mwake. Wa ku Kasungu uja m'buku lake "mt" ndi matini. Asibweni m'buku lawo ndi matumba. Onse awiri sananame.

Pa Jenda vutoli limakula chifukwa cha malo ake. Msikawu uli pa msewu wa M1, malire a Zambia ali pafupi kwambiri, ndipo ogula ndi ogulitsa mbatata ya kachewere, matimati, anyezi ndi nyemba amachokera ku Lundazi, ku Mzuzu, ku Kasungu ndi ku Lilongwe. Pa thebulo limodzi pamamveka Chitumbuka, Chichewa, Chinyanja cha ku Zambia ndi Chingerezi. Taonani chilembo cha K. Zambia inayamba kugwiritsa ntchito kwacha m'chaka cha 1968, Malawi m'chaka cha 1971, ndipo ndalama ziwirizi, zosiyana mphamvu, zonse zimalembedwa K. M'chaka cha 2013 Zambia inachotsa maziro atatu pa ndalama yake, koma anthu ena sanasiye kunena "pin", liwu limene linkaimira 1,000 ya ndalama yakale. Pamwamba pa izo achinyamata amalemba k wamng'ono kumapeto kwa nambala kutanthauza masauzande. Nanga munthu akalemba "k50" ndipo mnzake n'kuyankha "50k", agwirizana chiyani? Taonaninso tsiku. "Mayiro" pa Chitumbuka ndi dzulo, pamene "mailo" wa m'matauni a ku Zambia akhoza kukhala dzulo kapena mawa. Ngakhale pa Chichewa chenicheni, "mawa" ndi "m'mawa" akadulidwa onse amasanduka "mw".

Sindikunena kuti mawu odula achotsedwe pa malonda. Zimenezo n'zosatheka, ndiponso n'zosafunika. ADMARC, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1971, ndi dzina lodula, ndipo agogo anga amalitchula bwinobwino ngakhale sadziwa chimene chilembo chilichonse chikuimira. Momwemonso kg, Ltd ndi P.O. Box. Amenewa savuta chifukwa dziko lonse linawalandira ndi tanthauzo limodzi. Ali m'buku la tonse. Ovuta ndi amene munthu amapeka yekha chala chili pa batani, n'kuyembekeza kuti mnzake alota.

Palinso nkhani ya ulemu. Asibweni amati chimene chinawawawa poyamba, asanadziwe n'komwe za matini, chinali "Bwn" uja. Munthu wofuna katundu wako pa ngongole ya tsiku limodzi, koma wosapeza nthawi yolemba moni wathunthu kwa munthu wamkulu, amaoneka ngati akukuitana ndi mluzu. Pakati pa ife ophunzira "bwnj" ndi chizindikiro cha chinansi. Kwa munthu wa msinkhu wa bambo ako, amene sunadye naye nsima, ndi chipongwe. Ndipo chodabwitsa n'chakuti chifukwa chakale chija chinatha. WhatsApp, imene inayamba m'chaka cha 2009, siwerengera munthu zilembo 160, ndipo mafoni ambiri a masiku ano ali ndi chilembo chilichonse pachokha. Tikudulabe mwa chizolowezi chabe, kupulumutsa kamphindi kamodzi n'kutaya matumba khumi. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika.

Pa tchuthi chapitachi ndinakhala masiku angapo pa sitolo ya asibweni, ndipo tinapangana lamulo limene agogo analivomereza kuti ndi la kalaliki wawo uja. Moni ndi nthabwala za anthu odziwana zidulidwe m'mene afunira. Koma muyeso wa katundu, mtengo pamodzi ndi dzina la ndalama yake, ndiponso tsiku, zilembedwe zonse, ndipo wolandira abweze uthengawo m'mawu ake galimoto isanalizidwe. Wamalonda wa ku Kasungu uja analembanso mwezi watha, mwachidule monga kale. Asibweni anandipatsa foni, ndipo ndinayankha kuti: "Zikomo bambo. Mukutanthauza matumba 12 a makilogalamu 50, Lachinayi m'mawa?" Yankho linabwera lakuti ayi, Lachisanu.