Nyengo ya mvula: thandizo la boma ndi zoyenera kuchita mabanja

Chaka ndi chaka, kuyambira mwezi wa Novembala mpaka Epulo, dziko la Malawi limalandira mvula imene anthu ambiri amadalira pa ulimi. Nyengo yomweyi ndi imenenso zipatala zimadzaza ndi odwala malungo ndi matenda otsekula m'mimba, nyumba zimagwa, ndipo mitsinje imakokolola anthu, ziweto ndi mbewu. Boma lili ndi nthambi zingapo zimene ntchito yake ndi kuchenjeza, kupulumutsa ndi kuthandiza anthu pa nthawi yotereyi. Komabe thandizo la boma lili ndi njira yake, yoyambira kwa nyakwawa mpaka ku likulu, ndipo limatenga maola kapena masiku kuti lifike pamudzi. Maola oyambirira a ngozi amakhala m'manja mwa banja lenilenilo ndi anthu oyandikana nalo.

Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi

Ntchito yolumikizanitsa onse othandiza pa ngozi ili m'manja mwa nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA. Chiyambi chake ndi ngozi ya ku Phalombe ya m'mwezi wa Malichi chaka cha 1991, pamene madzi, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zinakwirira midzi ndi kupha anthu mazanamazana. Akuluakulu amatchula ngozi yotereyi kuti napolo, ndipo ena amakumbukirabe napolo amene anagwa ku Zomba m'chaka cha 1946. Chaka chomwecho cha 1991 boma linakhazikitsa lamulo loyamba la kukonzekera ngozi ndi kupereka thandizo. Lamuloli linagwira ntchito kwa zaka zoposa 30, kufikira mu 2023 pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano, lomwe limatsindika za kuchepetsa chiopsezo ngozi isanagwe.

Zimene zachitika m'zaka zapitazi zikuonetsa chifukwa chake kusinthaku kunali kofunika. Mu Januwale 2015 madzi osefukira anakhudza anthu oposa 1 miliyoni, ndipo maboma 15 analengezedwa kuti ali pa ngozi. Mu Malichi 2019 kunagwa mvula yadzaoneni yokhudzana ndi namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la pa Kapichira, malo opangira magetsi pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasiya anthu oposa 1,000 atamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Ambiri mwa omwalirawa sanali a m'chigwa cha Shire, kumene anthu anazolowera kumva za madzi osefukira, koma a m'mphepete mwa mapiri, monga ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche mumzinda wa Blantyre, komanso m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu.

Pansi pa nthambiyi pali makomiti oona za ngozi m'magawo atatu: la m'mudzi, la m'dera la mfumu yaikulu, ndi la pa boma lomwe limagwira ntchito pansi pa ofesi ya bwanamkubwa. Banja lililonse liyenera kudziwa membala mmodzi wa komiti ya m'mudzi mwawo mvula isanayambe, chifukwa uthenga wachenjezo umatsika kudzera mwa anthu amenewa, ndipo lipoti la kuonongeka limakwera kudzera mwa iwo omwewo.

Ulosi wa nyengo

Nthambi yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo imatulutsa ulosi wa mvula ya chaka chonse dzinja lisanayambe, ndipo ulosiwu umagawidwanso malinga ndi boma lililonse kuti alangizi a zaulimi afotokozere alimi. Kupatula apo, nthambiyi imapereka ulosi wa tsiku ndi tsiku ndi machenjezo apadera kudzera pa wailesi ya MBC, mawailesi a m'madera, komanso pa Facebook ndi WhatsApp. Namondwe wochokera m'nyanja ya mchere ya India amaoneka patatsala masiku angapo kuti afike, choncho chenjezo la namondwe si nkhani yongoyerekeza. M'madera ena a m'mbali mwa mitsinje muli zipilala zopimira madzi zopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira. Madzi akafika pa utoto wofiira, a komiti amachenjeza anthu ndi mapito, ng'oma kapena zimkuzamawu, ndipo apo ndi pofunika kunyamuka.

Madzi osefukira ndi nyumba

Chinthu chimene chimapusitsa anthu ambiri ndi chakuti mtsinje umatha kusefukira pamene mvula sinagwe pamudzipo. Mtsinje wa Ruo umatenga madzi ake m'phiri la Mulanje ndipo umathira mu Shire pa Chiromo. Mvula ikagwa yambiri ku Mulanje ndi ku Thyolo, Ruo amafika pa Chiromo ndi mphamvu yoti madzi a Shire amalephera kudutsa, amabwerera m'mbuyo ndi kufalikira m'madambo ndi m'midzi ya ku Makhanga ndi madera ozungulira, nthawi zina usiku kumwamba kuli nyenyezi. Zofanana ndi zimenezi zimachitika pa mtsinje wa Mwanza ku Chikwawa, Songwe ndi North Rukuru ku Karonga, Linthipe ku Salima, Dwangwa ku Nkhotakota, ngakhalenso Lingadzi mumzinda wa Lilongwe.

Boma lakhala likupempha anthu a m'madera otsika kuti asamukire kumtunda, ndipo ambiri akhala akubwerera madzi akaphwa. Si chifukwa cha kusamva kokha ayi. Nthaka ya m'chigwa ndi imene imabereka chimanga, mbatata ndi nyemba za kudimba, pamene kumtunda munda ndi wobwereka. Chimene mabanja ena achita ndi kumanga nyumba yokhazikika kumtunda, n'kumapita kuchigwa kukalima kokha. Amene sanasamuke ayenera kugwirizana pasadakhale malo othawirako, njira yodzera, ndi munthu amene adzanyamule agogo, wodwala kapena munthu waulumali. Ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala, mankhwala a odwala matenda a nthawi yaitali monga ma ARV, ndi zikalata za sukulu ziyenera kusungidwa m'jumbo yomangidwa bwino pamalo pamodzi posavuta kutenga mumdima.

Anthu akulangizidwa kuti asawoloke mtsinje wodzaza, kaya wapansi, pa njinga kapena pa galimoto. Madzi othamanga ofika m'mawondo ndi okwanira kugwetsa munthu wamkulu, ndipo pansi pa madzi amatope sipaoneka ngati mlatho wakokoloka. Mwana amene amawoloka mtsinje popita kusukulu ndi bwino ajombe tsiku limodzi, kapena agone kwa achibale tsidya lomwelo mvula ikamupeza ali m'kalasi. M'maboma a Chikwawa ndi Nsanje madzi osefukira amabweretsanso ng'ona pafupi ndi midzi. Kumidzi ndi m'matauni momwe, maenje otsala poumba njerwa ndi pokumba mchenga amadzaza madzi, ndipo ana aang'ono amamira m'menemo makolo ali kumunda. Maenje oterewa ayenera kukwiriridwa mvula isanalimbe.

Nyumba zambiri zimene zimagwa m'dzinja sizikokoloka ndi mtsinje. Zimagwa chifukwa khoma la zidina kapena lomangira dothi lamwa madzi a mvumbi kwa masiku angapo, ndipo kawirikawiri limagwa usiku anthu ali mtulo. Khonde lokwera, denga lotuluka bwino kunja kwa khoma, ndi ngalande yopatutsa madzi kuzungulira nyumba zimateteza maziko. Malata ayenera kukhomedwa ndi kumangidwa ndi waya ku khoma, osati kungotsindikizidwa ndi miyala kapena njerwa, zomwe mphepo ya mkuntho imaponyera pa anthu. Khoma likayamba kung'aluka kapena kunyowa mpaka m'kati, banja lituluke usiku womwewo. Kwa okhala m'munsi mwa phiri, ming'alu yatsopano pa nthaka, mitengo yoyamba kupendama, kasupe wotumphuka pamalo pachilendo ndi mkokomo wochokera kuphiri ndi zizindikiro zoti nthaka ikhoza kugumuka. Nthambo za magetsi zikagwa pansi, pasapezeke woyandikira mpaka ogwira ntchito ku ESCOM atafika.

Ziphaliwali

M'zaka zimene kulibe namondwe wamkulu, malipoti a DoDMA kawirikawiri amaonetsa kuti ziphaliwali ndi zimene zimapha anthu ambiri pa ngozi za m'dzinja. Ambiri zimawapeza kumunda, kubusa, pa bwalo la mpira, panyanja, kapena atabisala mvula pansi pa mtengo. Bingu likamveka, munthu asiye khasu, atuluke m'madzi, achoke pansi pa mtengo wautali ndi kulowa m'nyumba, ndipo adikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza asanabwerere panja. Munthu woombedwa ndi mphezi sasunga magetsi m'thupi. Akhoza kugwiridwa ndi kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo. Pali chikhulupiriro chakuti mphezi imachita kutumizidwa, ndipo chachititsa kuti okalamba ena azunzidwe pa maliro. Kunamizira munthu ufiti ndi mlandu malinga ndi malamulo a dziko lino.

Kolera ndi malungo

Madzi akasefukira, zimbudzi zimagwa ndipo zonyansa zimalowa m'zitsime ndi m'mijigo. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unafika m'maboma onse a m'dziko muno, unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwu.

Chizindikiro chachikulu cha kolera ndi kutsekula m'mimba kwa madzi okhaokha ooneka ngati otsukira mpunga, nthawi zambiri pamodzi ndi kusanza. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo munthu wamkulu wamphamvu akhoza kumwalira m'maola ochepa. Wodwala ayambe kumwa Thanzi ORS ali kunyumba, paketi imodzi yosungunulidwa m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo apitirize kumwa ali m'njira yopita kuchipatala. Ngati paketi palibe, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi zimathandiza pa ulendowo. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Kudikira kuti kuche, kapena kuyamba kaye kwa sing'anga, ndi kumene kunatayitsa miyoyo yambiri pa mliri wapitawu. Thandizo m'zipatala za boma ndi m'misasa ya odwala kolera ndi laulere.

Alangizi a zaumoyo amagawa mankhwala a kolorini m'midzi ndi kufotokoza muyeso wake. Madzi othiridwa kolorini ayenera kukhala mphindi 30 asanamwedwe, ndipo pamene mankhwalawa palibe madzi awiritsidwe mpaka kubwadamuka. Ndowa ya madzi akumwa ikhale yovundikira, yokhala ndi kapu yotungira yosiyana ndi yomwera. Pakhomo pakhale chimbudzi chovundikira ndi mpondagiya wokhala ndi sopo. Mango ndi zipatso zina za nyengoyi zitsukidwe, ndipo chakudya chidyedwe chikadali chotentha. Maliro a munthu womwalira ndi kolera amayang'aniridwa ndi azaumoyo: thupi silisambitsidwa ndi achibale ndipo pamalirowo sipaphikidwa chakudya. Lamuloli ndi lowawa kwa ofedwa, koma maliro ndi amodzi mwa malo amene matendawa amafalikira kwambiri.

Malungo nawo amachuluka madzi akayamba kudikha m'zithaphwi. Unduna wa Zaumoyo umapereka maneti onyikidwa m'mankhwala kwa amayi oyembekezera kusikelo komanso pa kalembera wa nyumba ndi nyumba, ndipo neti ndi yogonamo usiku uliwonse, osati yophera usipa kapena kutchingira dimba. Mwana akatentha thupi apite naye kukayezetsa magazi pasanathe tsiku limodzi. M'madera akutali ndi chipatala, alangizi a zaumoyo amayeza ndi kupereka mankhwala a LA kwa ana osapitirira zaka 5 pa zipatala za m'mudzi. Mankhwalawa amamwedwa masiku 3 ndipo ayenera kumalizidwa ngakhale mwana aoneke kuti wachira. Katemera wa malungo, amene Malawi linali dziko loyamba kuyamba kupereka kwa ana mu Epulo 2019, salowa m'malo mwa neti.

Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndi imenenso nkhokwe zimakhala zitatha, ndipo mabanja amadya zimene apeza. Bowa wosadziwika bwino, chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira ndi zikhawo zakutchire zapha anthu a banja limodzi pa mkute umodzi. Amene wadya zoterezi n'kuyamba kusanza kapena chizungulire apite kuchipatala pamodzi ndi onse amene anadya nawo, ngakhale iwo asanayambe kumva kanthu.

Ngozi ikachitika

Banja limene nyumba yagwa kapena katundu wakokoloka lidziwitse nyakwawa ndi komiti ya m'mudzi msanga. Lipoti limapita kwa mfumu yaikulu ndi komiti ya m'dera, kenako ku ofesi ya bwanamkubwa, yomwe imatumiza anthu kukaona kuonongekako ndi kulemba maina. Lipoti la khonsolo ndi limene nthambi ya DoDMA imagwiritsa ntchito potumiza chimanga kapena ufa, nyemba, mabulangete, zidebe, ziwiya, matenti ndi mapepala apulasitiki ofolerera. Banja limene silinalembedwe pa kalembera ameneyu limavutika kulandira kanthu, choncho amene athawira kwa achibale m'malo mopita kumsasa aonetsetse kuti maina awo alembedwa kumudzi kwawo. Ntchito yopulumutsa anthu ozingidwa ndi madzi imagwiridwa ndi asilikali a Malawi Defence Force, apolisi a pamadzi ndi bungwe la Malawi Red Cross Society.

Misasa yambiri imakhala m'sukulu ndi m'matchalitchi, ndipo kuthithikana kwake kumaika atsikana ndi amayi pa chiopsezo. Makolo asalole ana kupita okha kuchimbudzi kapena kukatunga madzi usiku. Thandizo lonse la pa ngozi ndi laulere. Aliyense wopempha ndalama, gawo la chimanga kapena chiwerewere kuti alembe dzina la munthu akuphwanya lamulo, ndipo nkhani yotere ikanenedwe ku ofesi ya bwanamkubwa, ku nthambi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB.