Pokémon GO ku Luwinga: mmene nkhondo ndi kukulitsa zilombo zimayendera

Pokémon GO ndi gemu ya pafoni imene kampani ya Niantic inatulutsa mu Julayi 2016, ndipo kuno ku Malawi inafika mu Okutobala chaka chomwecho. Imayendera GPS ndi intaneti: mukamayenda, mumakumana ndi tizilombo totchedwa Pokémon, n'kumatigwira poponya kampira. Kugwirako sikuvuta. Pamene ambiri amathera bandulo yawo pachabe ndi pa nkhondo.

Mphamvu ya chilombo

Chilombo chilichonse chili ndi nambala ya CP, yosonyeza mphamvu. Koma pansi pake pali manambala atatu obadwa nawo: kumenya, kudziteteza ndi kupirira, iliyonse kuyambira 0 mpaka 15. Dinani Appraise muwaone musanawonongere chuma chilombo chofooka.

Kukweza CP kumafuna Stardust ndi Candy. Chilombo wamba mukachigwira mumapeza Stardust 100 ndi Candy 3. Candy ndiyenso amasandutsa chilombo kukhala chachikulu: Pidgey amafuna 12 basi, pamene Magikarp amafuna 400 kuti akhale Gyarados. Chilombo chimene mwachisankha kukhala Buddy chimakupezerani Candy mukamayenda, china pa kilomita 1, china pa 3, 5 kapena 20. Amene mumayenda wapansi kuchoka ku Mzuni kupita m'tauni, ulendo umenewo ndi phindu. Pa Sienta ayi, gemuyi siwerengera liwiro la galimoto.

Mitundu ndiye nkhani

Pali mitundu 18 ya zilombo. Madzi amagonjetsa moto, moto umagonjetsa udzu, udzu umagonjetsa madzi, ndipo magetsi amapweteka madzi koma amalephera pa nthaka. Mukamenya ndi mtundu woyenera, ululu umachulukitsidwa ndi 1.6. Ndiye chifukwa chake chilombo cha CP yochepa chimatha kugwetsa chimphona. Kugogoda sikirini kumaponya nkhonya zing'onozing'ono, zimene zimadzaza mphamvu ya nkhonya yaikulu.

Nkhondo zitatu

Gym: Mukafika levulo 5 mumasankha timu, Mystic ya buluu, Valor yofiira kapena Instinct yachikasu. Gym imasungidwa ndi zilombo zosapitirira 6, munthu aliyense chimodzi. Zikakhalitsa zimafooka, pokhapokha muzizidyetsa zipatso. Chanu chikachotsedwa chimabwera ndi makoini, imodzi pa mphindi 10 zilizonse, koma osapitirira 50 pa tsiku. Kale anthu ankamenya Gym ya timu yawo yomwe kuti ikule. Zimenezo zinatha mu Juni 2017, choncho malangizo akale a pa YouTube asakusokonezeni.

Raid: Chilombo chachikulu chimatulukira pa Gym, ndipo anthu mpaka 20 amachimenya pamodzi. Tikiti imodzi pa tsiku ndi yaulere. Zikuluzikulu zenizeni simungazithe nokha, pamafunika gulu.

Munthu ndi munthu: Izi zinayamba mu Disembala 2018. Aliyense amabweretsa zilombo 3 ndi zishango 2. Great League imalola CP yosapitirira 1,500, Ultra League 2,500, pamene Master League ilibe malire. Chilombo chikadutsa 1,500 simungachibwezenso pansi, ndiye musakweze mwachisawawa.

Kwa ife a kuno

Ma PokéStop ndi ma Gym amaikidwa pamalo odziwika monga matchalitchi, zipilala ndi mabwalo amasewero, choncho amachuluka m'mizinda ikuluikulu ngati Johannesburg. Wosewera wa ku Luwinga njira yake yabwino ndi Great League: siifuna Stardust wambiri, ndipo kudzera mu GO Battle League mumamenyana ndi anthu a dziko lonse muli pakhonde. Chofunika ndi netiweki yokhazikika, ya TNM kapena Airtel, chifukwa ikadukiza pakati pa nkhondo mwaluza.

Mukamasaka, chotsani maso pafoni podutsa msewu wa M1, musaonetse foni yanu mumdima, ndipo pa Mzuzu Central Hospital pasiyireni odwala ndi owadikirira.