Chiletso si chigamulo

Pa 20 Disembala 2022, bwalo lalikulu la milandu la m'chigawo cha Uttarakhand ku India linalamula kuti mabanja oposa 4,000 a ku Banbhoolpura, m'tauni ya Haldwani, achoke pamalo amene nthambi ya boma yoyendetsa sitima za pamtunda imati ndi ake. Anawapatsa sabata imodzi yokha. Anthuwo anachita apilo, ndipo pa 5 Januwale 2023 bwalo la Supreme Court linaimitsa lamulolo.

Nkhani yotere ikalowa m'Chichewa, pawailesi kapena pa WhatsApp, kawirikawiri imatuluka chonchi: "Apambana mlandu, khoti lawapatsa malo." Ayi, sanapambane. Chimene analandira ndi chiletso. Oweruza Sanjay Kishan Kaul ndi Abhay Oka anangoti zogwetsa nyumba ziyambe zaima mpaka mlandu utamvedwa bwino, ndipo tsiku lomwelo analetsanso aliyense kumanga china chatsopano pamalopo. Pa nthawiyo funso loti mwini malo ndani silinayankhidwe.

Mwina wina ati ndi mawu chabe. Koma mayi amene wamva pawailesi kuti "tapambana" amayamba kuumba njerwa, amakongola ndalama kubanki m'khonde n'kugula malata. Chigamulo chenicheni chikadzabwera mosiyana, malata aja amadzawazula akulira, ngongole ikadalipo. Wolemba nkhani amene wasokoneza chiletso ndi chigamulo ali ndi gawo pa misozi imeneyo. Ifenso kwathu kuno mawu oti chiletso timawamva pafupifupi sabata iliyonse, choncho palibe chifukwa chowasiyira pambali. Tizinena kuti khoti laimitsa kaye. Kamawu koti "kaye" n'kakang'ono, koma ndi kamene kamamuuza munthu kuti asagule simenti.

Palinso chizolowezi chotchula anthu otere kuti akuba malo. Lamulo la ku India la 1971 lokhudza malo ndi nyumba za boma silimatero. Limanena za munthu wokhala pamalo popanda chilolezo, ndipo m'gululi muli ngakhale amene analowa mwachilungamo koma lisi yake inatha. Ku Banbhoolpura ena ankaonetsa zikalata za lisi, ena ankati makolo awo anagula malowo pa okishoni dziko litagawika mu 1947, ndipo m'deralo munali sukulu za boma. Kodi onsewo tiwati mbava khoti lisanalankhule? Wakuba ndi amene wapezeka wolakwa. Mlandu ukadali mkati, tizilemba kuti anthu amene boma likuti akukhala popanda chilolezo. N'chiganizo chachitali, inde, koma sichinamizira munthu.

Nanga kuthamangitsa, kuchotsa ndi kusamutsa? Ambiri amawaponyera m'dengu limodzi. Timathamangitsa nkhuku pa mphale, osasamala kumene zilowere. Kuchotsa kumangonena kuti munthu salinso pamalopo. Kusamutsa kokha ndi kumene kumatanthauza kuti kuli kwina kokafikira. Milandu yambiri yotere imagona pomwepa: pa mlandu wa ku Haldwani, oweruza a Supreme Court anafunsa boma kuti anthu amene akhala pamalopo zaka makumimakumi lidzawaika kuti. Boma likagwetsa nyumba n'kusiya mabanja panja ndi mphasa zawo, mtolankhani n'kulemba kuti "asamutsidwa", walichapira boma m'manja.

Ngakhale mlandu wotchuka wa Olga Tellis wa mu 1985, wa anthu ogona m'mphepete mwa misewu ya Bombay, umafuna lilime losamala. Khoti linavomereza kuti ufulu wokhala ndi moyo umaphatikizapo njira yopezera chakudya, komabe linalola khonsolo kuwachotsa, bola idikire kuti nyengo ya mvula ithe, mpaka pa 31 Okutobala chaka chomwecho. Anthu aja anawonjezeredwa masiku, osati kupatsidwa malo amene ankakhalapo, ndipo m'Chichewa tiyenera kulemba zomwezo.