Bwinja la Great Zimbabwe

Mudzi ukasamuka, pamalo pake pamatsala bwinja. Pakapita zaka zochepa nyumba zadothi zimagwa, thengo limamera, ndipo zotsala zimangokhala mapale, mphero ndi manda. Komabe pa dziko lino pali mabwinja ena amene sadafafanizike chifukwa eni ake adamanga ndi miyala, monga Petra ku Jordan ndi Machu Picchu ku Peru. Kuno kummwera kwa Africa, bwinja lotchuka koposa ndi la Great Zimbabwe, limene lili pafupi ndi tawuni ya Masvingo.

Mzindawu adaumanga ndi makolo a Ashona, ndipo ambiri amati dzina lakuti Zimbabwe lidachokera ku mawu a Chishona otanthauza "nyumba za miyala". Udafika pachimake pakati pa zaka za 1300 ndi 1450, pamene anthu okhalamo adali zikwizikwi. Amisiri ake ankaswa matanthwe a m'mapiri oyandikira, nasema miyalayo, naisanja popanda matope kapena simenti. Linga lalikulu limene adamanga m'chigwa ndi lotalika pafupifupi mamita 250 kuzungulira, ndipo pena msinkhu wake ndi woposa mamita 10. Mpaka lero lingali lidakali chilili.

Kodi chuma chomangira zonsezi chidachokera kuti? Choyamba chidali ng'ombe, zimene mafumu adali nazo zochuluka. Chachiwiri adali malonda. Golide ndi minyanga ya njovu zinkapita ku doko la Sofala, m'dziko limene lero ndi Mozambique, ndipo kuchokera kumeneko amalonda ankazitengera ku Kilwa ndi kutsidya kwa nyanja yamchere. Pobwerera ankadza ndi nsalu ndi mikanda. Akatswiri ofukula zakale adapeza m'bwinjali mapale a mbale za ku China ndi ku Persia, ngakhalenso ndalama yachitsulo ya ku Kilwa.

Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma. Cha m'ma 1450 mphamvu za mzindawu zidayamba kuzilala, ndipo anthu adanka nachoka. Akatswiri ambiri amaganiza kuti nthaka idaguga, msipu ndi nkhuni zidachepa chifukwa cha kuchuluka kwa anthu ndi ziweto, komanso njira za malonda zidasunthira kumpoto, ku chigwa cha Zambezi. Mbiri yapakamwa ya Ashona imanena kuti Nyatsimba Mutota adapita kumpoto kukafuna mchere, nakhazikitsa ufumu wa Mutapa ku dera la Dande. Chakumadzulo kudadzuka likulu lina lamiyala lotchedwa Khami. Mafumu atachoka, malinga adatsala okha, ngakhale kuti anthu a midzi yozungulira sadaleke kuwalemekeza malowa ngati opatulika.

Tsoka lachiwiri la mzindawu lidadza ndi alendo. M'chaka cha 1871 Mjeremani wina, Karl Mauch, adafika pamalopa nalengeza kuti adapeza nyumba yokhudzana ndi Mfumukazi ya ku Sheba. Mu 1891 Theodore Bent nayenso adati omanga ake adali anthu ochokera kunja kwa Africa. Pakati pa 1902 ndi 1904 Richard Hall adakumba ndi kutaya dothi lambiri la m'kati mwa malinga pofunafuna umboni wa alendo ongoganiziridwawo, ndipo potero adawononga umboni weniweni wa eni mzinda. Maganizo amenewa ankakomera atsamunda, pakuti munthu amene wamulanda dziko savuta kumulamulira ukamuuza kuti makolo ake sadamangepo kanthu.

Choonadi sichidabisike mpaka kalekale. Mu 1905 David Randall-MacIver adafukula mosamala nanena poyera kuti mzindawu udamangidwa ndi anthu akuda. Mu 1929 Gertrude Caton-Thompson adatsimikiza zomwezo. Ngakhale zidali choncho, boma la Rhodesia lidapitiriza kuphimba nkhaniyi, kotero kuti katswiri wina, Peter Garlake, adakakamizika kuchoka m'dzikomo mu 1970 chifukwa chokana bodzalo. Dzikolo litalandira ufulu mu 1980, lidatenga dzina la bwinjali, ndipo chifanizo cha mbalame yosemedwa pamwala, imodzi mwa zisanu ndi zitatu zimene zidapezeka pamalopa, chidaikidwa pa mbendera. Mu 1986 bungwe la UNESCO lidaika bwinjali m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse.

Nafenso tili ndi mabwinja athu. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kudali likulu la Kalonga wa Amaravi, katswiri wathu Yusuf Juwayeyi adafukula mikanda, zipangizo zamkuwa ndi mapale a mbale za ku China. Pamenepo palibe malinga amiyala okopa maso, choncho munthu wosadziwa angathe kulimapo chimanga naponya mapalewo kumbali kwa munda. Mbiri ya Great Zimbabwe ikutichenjeza kuti anthu akapanda kusamala ndi kuphunzira mabwinja a makolo awo, alendo ndiwo amadzawafotokozera mbiri yawo, ndipo amaifotokoza mowakomera iwo eni.