Ilala Yoyamba: Sitima Imene Inayenda Pamutu

Anzanga ophunzira akale,

Ife okhala kuno ku Area 25 tikamva mawu akuti "sitima" timaganiza za njanji ya ku Kanengo. Koma lero ndifuna ndikukumbutseni za sitima ya pamadzi imene tinaiphunzira m'kalasi mothamanga. Ndikunena Ilala yoyamba, osati ija inayamba kuyenda mu 1951.

Sitimayi inapangidwa ku London mu 1875 ndi kampani ya Yarrow, m'nthaŵi ya Mfumukazi Victoria. Dzina lake linachokera ku dera la Ilala, m'dziko limene lero ndi Zambia, kumene David Livingstone anamwalira mu 1873. Amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi E.D. Young, ndipo Robert Laws ali pomwepo, anabwera nayo m'zidutswa nailumikiza pamathiriro a Zambezi. Atafika pamathithi a Shire anaiphwasulanso. Mafumu a Amakololo anasonkhanitsa amtengatenga mazanamazana amene anasenza zitsulozo mtunda wa mamailosi pafupifupi 60, ndipo palibe chidutswa chimene chinasoŵa. Pa 12 Okutobala 1875, Ilala inaloŵa m'Nyanja ya Malaŵi, kukhala sitima ya nthunzi yoyamba pamadziwo.

Patapita zaka zochepa inakhala sitima ya malonda m'manja mwa African Lakes Company, imene inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878. Makolo athu anaitcha kampaniyi Mandala chifukwa cha magalasi a John Moir. Ilala inkanyamula nsalu ndi mikanda popita kumpoto, pobwerera nkutenga minyanga ya njovu. Moto wake unali wa nkhuni zodulidwa ndi anthu a m'mbali mwa nyanja. Pankhondo ya ku Karonga yolimbana ndi Mlozi, imene inayamba mu 1887, inanyamulanso anthu ndi zida.

Eni kampani ankati malonda awo adzathetsa ukapolo. Komabe tisaiwale kuti njira yomweyo ndiyo inatsegulira khomo ulamuliro wa Angelezi mu 1891.

Chimene chimandiŵaŵa nchakuti maina a Young ndi Laws tinawaloŵeza pamtima pokonzekera mayeso, koma la wamtengatenga ngakhale mmodzi sitinaphunzitsidwe. Chikhalirecho mutu umodzi susenza denga: popanda mitu yawo, Ilala sikanaiona nyanja.

Choncho ndikupempha anzathu ochokera ku Chikwawa, Mangochi ndi Karonga kuti mufunse akuluakulu kwanu zimene anamva kwa agogo awo. Mukapeza kanthu, lemberani a mkonzi, kuti ana athu adzaŵerenge mbali inayi ya mbiri yathu.