LILIME NDI MALILIME



Sabata latha mdzukulu wanga anabwera ndi nkhope yakugwa. Anzake anamuuza kuti Mzimu Woyera sanamfikire, popeza salankhula malilime. Ndasinkhasinkha, ndipo ndati ndikukumbutseni kumene mawu amenewa anachokera.

M'Chichewa cha pamudzi, lilime ndi chiwalo cha m'kamwa, cholawira ndiwo ndi chotembenuzira mawu. Sitinena kuti "lilime la Ayao". Timangoika chi- patsogolo pa dzina la mtundu, monga Chiyao cha kwa Tambala kapena Chichewa cha kwa Kaphuka. Koma m'Chigiriki, chimene Chipangano Chatsopano chinalembedwamo, liwu limodzi lakuti glossa limaimira chiwalocho ndi chiyankhulo chomwe, ndipo omasulira Buku Lopatulika anatsata pomwepo.

Mishoni ya Dutch Reformed inayamba ku Mvera mu 1889, ndipo inafika ku Mphunzi kuno kwathu mu 1903. A William Murray, pamodzi ndi aphunzitsi obadwira m'dziko muno, anakhala zaka zambiri akumasulira pa phiri la Kaso ku Mvera, mpaka Baibulo lathunthu linasindikizidwa mu 1922. M'menemo ndimo agogo athu anawerengamo, pa Machitidwe 2, za malilime onga a moto ndi za malilime amene ophunzira analankhula.

Kawerengeni mutuwo modekha. Anthu ochokera ku Roma, ku Igupto, ku Krete ndi ku Arabiya anadabwa chifukwa aliyense anamva uthenga m'chiyankhulo chimene anayamwa. Chozizwitsa cha tsikulo chinali chakuti anthu anamva. Paulo pa 1 Akorinto 14 sanaletse malilime, koma analamula kuti mu mpingo pakhale womasulira, nanena kuti mawu ochepa omveka aposa zikwi za mawu osamveka.

Tsono pamene gogo wa ku Mphunzi anamva za Khristu m'mawu omwewo amene ankaitanira ana ake ku nsima, mphatso ya Pentekoste inali itafika ku Dedza. Tili nayo m'manja. Koma ingathe kutayika. Angoni a Maseko atakhazikika ku Domwe, pafupi pomwe pano, ankalankhula Chingoni. Ana awo anatola Chichewa cha amayi awo, ndipo lero Chingoni chatsalira makamaka m'nyimbo za ngoma ndi m'ziwongo. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko lonse, koma lamulo la boma silingasunge chimene makolo asiya kuphunzitsa. Ndaona ana a m'mabanja mwathu akuwerenga Chingerezi mosadodoma, koma atapatsidwa Salmo m'Chichewa achita chibwibwi.

Mdzukulu wanga ndinamuuza kuti: ukapemphera m'Chichewa agogo ako navomera Ameni chifukwa amva, usadzione ngati wamasiye pamaso pa Mulungu. Ndipo kwa inu amene mumayesa chikhulupiriro cha anzanu ndi malilime, kumbukirani kuti Yakobo 3 amafanizira lilime ndi moto wotentha nkhalango. Musatenthe nalo mwana wa mnzanu.

Madzulo ano, mukatha kudya, mpatseni mwana wanu Buku Lopatulika akuwerengereni Machitidwe 2 mokweza. Akapunthwa, mukonzeni mwachikondi, mawa abwerezenso.

Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.