Chidindo Chimene Chimadutsa Malire

 Lero tikamba mbiri ya munthu amene ambiri a inu simunakumanepo naye, koma amene chidindo chake chingathe kumasula kapena kutsekereza nkhani ya banja lonse. Pa Chingerezi amamutcha notary public.

Ntchito imeneyi inayambira ku Roma wakale. Kumeneko kunali alembi olemba mofulumira ndi zizindikiro zotchedwa notae, ndipo dzina la notary linachokera pamenepo. M'kupita kwa nthaŵi, alembi otere anasanduka mboni zimene mafumu, amalonda ndi makhoti ankazikhulupirira. Ngakhale Christopher Columbus, poyenda ulendo wake wa mu 1492, anatenga mlembi wotere, Rodrigo de Escobedo, kuti alembe umboni wa zimene zikachitike kutsidyako.

Ku England, mphamvu yosankha anthu ameneŵa inali m'manja mwa Papa. Mu 1533, pa ufumu wa Henry VIII, nyumba ya malamulo inaipereka kwa Arkibishopu wa ku Canterbury. Malamulo a Angerezi anafika kwathu kuno pang'onopang'ono. Kuno ku Phalombe, boma la atsamunda linayamba kuonekera ndi mfuti, pamene linamanga linga la Fort Lister mu 1893 pampata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, kuti litseke njira ya ogulitsa akapolo. Mapepala anadza pambuyo: mu 1902 anakhazikitsa Khoti Lalikulu, ndipo malamulo a ku England anayamba kugwira ntchito m'dziko lino.

M'Malaŵi, munthu sangodzuka n'kudzitcha notary. Ayenera kukhala loya wovomerezeka, wokhala ndi chiphaso chogwirira ntchito, amene wagwirapo kale ntchito ya uloya zaka zingapo. Amapempha udindowu kwa Jaji Wamkulu, ndipo iyeyo ndiye amavomera kapena kukana.

Nanga ntchito yake n'chiyani? Amaonetsetsa kuti wosayina pepala ndi mwini dzina weniweni, kuti akumvetsa zimene akusayina, ndiponso kuti palibe womukakamiza. Amatsimikiza kuti kope la satifiketi likufanana ndi satifiketi yeniyeni. Amachitira umboni kalata yopatsa wina mphamvu yochita zinthu m'malo mwa mwini wake. Iye saweruza mlandu, ndipo sakhala mbali ya aliyense. Chuma chake chonse ndi kukhulupirika.

Pano m'pamene ambiri amasokonezeka. Kalata yolumbira yogwira ntchito m'dziko momwe muno siifuna notary ayi. Woweruza wa ku khoti la majisitireti kapena loya angathe kukulumbiritsani. Notary amafunika makamaka pepala likamapita kunja. Tiyerekeze kuti bambo wamwalira ku Johannesburg n'kusiya ndalama ku banki, ndipo mkazi wake ali ku Nambazo. Banki ija siimdziŵa mayiyo, siidziŵanso nyakwaŵa ya m'mudzi mwake, ngakhale nyakwaŵayo ili mboni yoona kuposa wina aliyense. Imadziŵa chidindo. Pofuna kupeputsa njira ya mapepala otere, mayiko anapangana pangano ku The Hague mu 1961, ndipo Malaŵi analoŵamo mu 1967.

Kutsidya kwa malire, ku Mozambique, kumene kunachokera makolo a Alhomwe ambiri a kuno, anatengera mwambo wa Apwitikizi. Kumeneko notary amakhala mu ofesi ya boma, ndipo munthu wamba amamufikira kaŵirikaŵiri pa nkhani za nyumba, za chuma cha masiye ndi za malonda. Kwathu kuno ndi loya wodziimira payekha amene amalipiritsa, ndipo maloya ambiri ali m'mizinda ikuluikulu. Phalombe anakhala boma palokha mu 1998, atapatuka ku Mulanje, ndipo maofesi ambiri anayandikira anthu. Koma mayi uja wa ku Nambazo, pofuna chidindo cha notary, ayenerabe kukonzekera ndalama ya ulendo wa ku Zomba kapena ku Blantyre, atanyamula chiphaso chake cha unzika ndi mapepala enieni, osati makope okha.